Mayi Semba ndi Maovololo a Khonsolo

Lero ndi Loweruka lachitatu chiwaikireni m'manda Mayi Semba. M'buku muno ndimalembamo za kusukulu ndi zina za mumtima mwanga, koma lero ndati ndilembe za iwo, chifukwa ndaona kuti anthu ayamba kale kuwakumbukira molakwika. Pamaliro aliyense amene anapatsidwa mpata woyankhula ananena kuti anali mayi ofatsa. Mayi Semba sanali ofatsa. Ife takhala pa lendi m'kanyumba kawo kakuseri, kuno ku Bangwe, kuyambira ndili Sitandade 2, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena.

Anali telala wa pakhonde. Kwawo kunali ku Nsanje, ndipo m'tauni muno anabwera ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene anapeza ntchito ku Limbe. Amunawo atamwalira anawasiyira mwana mmodzi, a Lusiyano, ndi makina osokera awiri: akuda opalasa ndi mapazi, ndi ena amagetsi opendera m'mbali mwa nsalu. Chisena sankachiyankhula kawirikawiri. Chinkatuluka singano ikathyoka, kapena munthu akawanenerera mtengo mpaka kuwatopetsa.

Tsiku lawo linkayamba ndi Misa ya m'mawa. Akabwerako ankavula duku la kutchalitchi, kumanga la pantchito, n'kukoka makina akuda aja kuchokera pabalaza kufika pakhonde, okha, osafuna wowathandiza. Tepi inkakhala m'khosi tsiku lonse, moti tsiku lina anapita nayo kukalandira Ukaristia osadziwa. Mapini ankawaika pakamwa, ndiye mawu awo ambiri tinkawamvera m'mphuno, ndipo ambiri mwa mawuwo anali okalipa. Anakangana ndi mayi ogulitsa makala patsidya pa mpanda chifukwa cha fumbi lakuda logwera pansalu za eni ake, mpaka zaka zitatu osapatsana moni. Anakangana ndi amayi a kwaya atawauza pamaso kuti nsalu imene asankhira yunifomu ndi ya makatani. Ine anandikalipira kosawerengeka chifukwa chowerama poyenda. Ankati msana wopindika umanamizira telala.

Anali ndi malamulo awiri. Loyamba, sankasokera munthu amene sanamuone. Wina akabwera ndi miyezo ya m'bale wake yolembedwa pakapepala, kapena ndi chithunzi cha pafoni, ankamubweza. Ankafuna mwini wake abwere, aime, akhale pansi, awerame ngati akutola chinthu, chifukwa ankati munthu savala zovala ali chiimire ngati mtengo wa magetsi. Bambo wina anabwera ndi chitenje chodula kuti akufuna kudabwitsa mkazi wake pa Khrisimasi, n'kumasonyeza ndi manja kukula kwa mkaziyo. Mayi Semba anamufunsa ngati anakwatira mkazi kapena mgolo. M'mawa mwake bamboyo anabwera naye mkaziyo, ndipo anali woonda ngati ine.

Lachiwiri, sankadula nsalu yotsala. Atelala ena akasoka amadula m'mbali kuti msoko uoneke wosalala, koma iwo ankaipinda n'kuibisa mkati. Ankati thupi la munthu silikhala pamodzi, pamene nsalu yodulidwa simeranso. Siketi yanga ya kusukulu anaisoka ndikuyamba Fomu 1. Lero ndili Fomu 3, yatsitsidwa kawiri, ndipo mkati mukadali nsalu.

Amene anawadziwa chaka chathachi amalidziwa khonde lawo ngati malo a amayi osesa. Loweruka masana, akaweruka, ankabwera atatu kapena anayi, aliyense ndi ovololo yobiriwira ya khonsolo m'jumbo, n'kukhala pamasitepe kudikira. Odutsa m'njira ankaganiza kuti ndi makasitomala wamba. Sankadziwa kuti ovololo iliyonse yotuluka m'jumbomo, Mayi Semba anali ataisoka kale kawiri.

Nkhani yake inayamba ndi abambo a zikwama. Kaunjika anali atapha ntchito ya utelala, moti masiku ambiri Mayi Semba ankangobweza mathalauza ndi kusintha mazipi. Ntchito yooneka inkabwera ndi abambo ovala taye, onyamula mipukutu ya nsalu, odzasoketsa makatani a m'maofesi ndi nsalu za pamatebulo. Iwowo ndiwo ankapata matenda a kukhonsolo ndi kwina, ndikutanthauza mipikisano yogulitsa katundu ija, ngakhale sankadziwa n'kulowetsa ulusi pasingano komwe. Mayi Semba ankasoka, abambowo ankanyamula, ndipo dzina lolembedwa pa oda linali la abambowo. Tsiku lina anafunsa mmodzi kuti chimene iye ali nacho, chimene iwo alibe, n'chiyani. Bamboyo anasisita chikwama chake n'kunena kuti, "Mapepala, agogo."

Ndiye anayamba kufunafuna mapepala. Khonsolo sigula ngati mmene timagulira ife pamsika, kuloza chinthu n'kunenerera. Ikafuna katundu imalemba chimene ikufuna, kuchuluka kwake ndi maonekedwe ake, n'kukhoma pabolodi. Ofuna kugulitsa amalemba mitengo yawo, kumata mu envulopu, n'kukaponya m'bokosi lokhoma. Tsiku lotsegula likafika maenvulopu amatsegulidwa pamaso pa onse, kenako komiti imakhala pansi n'kusankha. Koma envulopu yako siwerengedwa ngati mulibe setifiketi ya bizinesi, pepala losonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi lina losonyeza kuti unalembetsa ngati wogulitsa katundu kuboma. Mapepala atatuwo anawatengera Mayi Semba pafupifupi zaka ziwiri. Ankavundikira makina, kukwera minibasi ya ku Limbe, kutsika, kukwera ina ya m'tauni, kukaima pamzere, n'kubwerako madzulo atauzidwa kuti abwerenso ndi chithunzi china. Pepala lachitatu pomatuluka, la msonkho linali litatsala pang'ono kutha mphamvu. Anawagulira kachikwama kapulasitiki kokhala ndi batani, ndipo Lamulungu lina anapita nako kuti ansembe akadalitse.

Ulendo woyamba kupikisana anagwa chifukwa tsamba limodzi sanalisaine. Ulendo wachiwiri minibasi inafera panjira, anafika bokosi litatsekedwa kale, ndipo mlonda anawalozera wotchi ya pakhoma mwaulemu kwambiri. Ulendo wachitatu anamva kwa Mayi Esnati, mnzawo wa kumphakati amene amasesa mumsika, kuti pabolodi pakhomedwa za maovololo a anthu osesa. Ankafunika makumi anayi. Pepala linanena mtundu wa nsalu, miyezo ya masaizi atatu, thumba limodzi pachifuwa, ndi dzina la khonsolo kumsana. Linatinso wopikisana aliyense apereke ovololo imodzi ya chitsanzo. Mayi Semba anasoka yachitsanzoyo ndendende monga mwa pepala. Amayi anga atawaseka kuti lero asokera munthu wosamuona, anayankha kuti chitsanzo sichivalidwa ndi munthu, chimavalidwa ndi tebulo.

Tsiku lotsegula maenvulopu anavala za kutchalitchi. M'chipindamo anapezamo bambo wa chikwama uja, kasitomala wawo wa zaka zambiri. Bamboyo anadabwa, kenako anasendera pafupi n'kunong'ona.

"Agogo, mwadzivutitsiranji? Ndikapata ine, ntchito ibwera kwa inu nomwe."

"Ndikapata ine, ibweranso kwa ine ndemwe. Ndiye inu mwadzivutitsiranji?"

Mitengo inawerengedwa mokweza, envulopu ndi envulopu. Anadzatiuza kuti dzina lawo litatchulidwa m'chipinda chija, pamaso pa anthu a mataye, makutu anawalira moti mtengo wawo womwe sanaumve. Bambo uja sanabwerenso ndi makatani kuyambira tsikulo.

Mayi Semba anapambana. Pepala la oda litabwera analiwerenga pakhonde katatu, ngakhale linali la Chingerezi ndipo iwo ankangozindikira dzina lawo ndi manambala. Koma khonsolo silipira katundu asanafike. Nsalu uyenera kugula wekha. Anagulitsa makina amagetsi aja. A Lusiyano, amene amayendetsa minibasi ndipo amakhala ku Machinjiri ndi banja lawo, anamva mochedwa n'kubwera ali wefuwefu.

"Makina a bambo anga mwagulitsa chifukwa cha kapepala?"

"Bambo ako anawagula kuti azigwira ntchito, osati azikukumbutsa iwe maliro."

"Nanga akakana katundu wanu?"

"Ndasoka zaka zoposa zako zobadwa. Unamvapo kuti munthu wabweza chovala changa?"

Izi zinali zoona. Mayi Semba anati malipiro akangobwera akawawombola makinawo, pakuti wogulayo anali atavomera kuwasunga kwa kanthawi.

Apa ndi pamene anachita chinthu chimene palibe anawapempha. Nsalu itafika, m'malo moyamba kudula, anatenga tepi ndi kope n'kupita kumsika m'mamawa, nthawi imene osesa amayamba ntchito. Ankafuna aone anthu ake. Kapitawo wa osesawo, poona mayi achikulire ali ndi pepala la oda m'manja, anaganiza kuti atumidwa ndi ofesi, n'kuwapatsa mayina onse. Anapeza kuti ambiri ndi azimayi, pamene maovololo akale amene ankavala anali osokedwa pathupi la mwamuna. Mayi Esnati anamasula chitenje pang'ono n'kuwaonetsa kumbuyo. Panali pong'ambika, posokedwa pamanja kangapo, ndipo n'chifukwa chake ankamanga chitenje pamwamba. Miyendo inali yopindidwa katatu koma ikukokabe madzi a m'ngalande. Foni ikaikidwa m'thumba la pachifuwa inkagwa munthu akangowerama, ndipo ntchito yawo ndi yowerama kuyambira m'mawa mpaka masana.

Sabata yonse anazungulira misika ndi misewu kuyeza mmodzimmodzi. Aliyense ankamuuza awerame ngati akusesa. Kenako anasoka. M'chiuno anakulitsa, miyendo anaipindira m'mwamba kuti ifupike, thumba analitsitsira m'mbali n'kuliikira batani. Mkati mwa kolala iliyonse analemba dzina la mwini wake ndi ulusi woyera. Sindinawaonepo akusangalala ngati masabata amenewo. Ankaimba nyimbo za Maria mapini ali pakamwa, ndipo tsiku lina anapereka moni kwa mayi amakala aja, moti mayiwo anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli munthu wina.

Tsiku lokapereka katundu anapita ndi amayi anga kuti awathandize kusenza, ndiye zotsatirazi ndinamva kwa amayi. Mitolo iwiri anailipirira mipando yake mu minibasi. Kumalo osungira katundu wa khonsolo anapeza anthu atatu olandira, ovololo yachitsanzo ija itayalidwa patebulo, siginecha zawo zili pakolala. Wamkulu wawo, bambo wamtali wa imvi, anatenga imodzi, kuiyala pamwamba pa yachitsanzo, n'kuyeza. Anatenga yachiwiri, yachitatu. Kenako anavula magalasi.

"Mayi, kusoka kotere sindinakuonepo muno, sindikunama. Koma si zimene tinaitanitsa."

"Munaitanitsa zoti anthu avale."

"Tinaitanitsa zimene zili papepala ili."

"Pepala lilibe chiuno, bambo. Esnati ali nacho. Muitaneni mumuone."

Mmodzi mwa atatuwo, mtsikana, anaseka n'kudzigwira pakamwa. Bambo wa imviyo sanaseke. Anawakokera mpando n'kuwafotokozera mosathamanga. Anati amene anapikisana nawo analemba mitengo poyang'ana pepala lomwelo, ndiye iye akalandira chinthu chosiyana nalo, ogonjawo adzati mpikisano unasinthidwa utatha kale, ndipo adzakhala akunena zoona. Anati katundu amasungidwa potsata saizi osati mayina, chifukwa wosesa amatha kupuma ntchito kapena kusamutsidwa. Anatinso ofufuza mabuku akadzabwera sadzafunsa ngati Esnati akuwerama bwino. Adzafunsa ngati chimene chinalowa ndi chimene chinalembedwa.

"Mukanatilembera bokosi lisanatsekedwe, kuti miyezoyi ili ndi vuto, komiti ikanatha kusintha pepala kwa onse."

"Ndikanadziwa bwanji kuti pepala limayankhidwa?"

"Zalembedwa patsamba lachitatu, mayi."

"M'Chingerezi."

"M'Chingerezi," anavomera bamboyo, maso ali patebulo.

Anawapatsa masiku khumi, monga mmene pepala lomwelo linkanenera. Akapanda kukonza, oda ikanathetsedwa n'kupatsidwa kwa amene anali wachiwiri, ndipo iwo akanatsala ndi maovololo makumi anayi okhala ndi dzina la khonsolo kumsana, oti sangagulitse kwa munthu wina aliyense.

Amayi akuti pobwerera kondakitala anawalipiritsanso mitolo, Mayi Semba n'kungolipira osakangana naye. Anafika, kuika mitolo pakhonde, n'kulowa m'nyumba. Masiku awiri makina sanatuluke. Kuseri kwathu tinkayenda monyang'ama. Phokoso la makina aja tinalizolowera ngati wotchi, ndipo popanda ilo sitinkadziwa kuti nthawi ili bwanji.

Tsiku lachitatu a Lusiyano anabwera. Sanawakumbutse za mkangano uja, chifukwa nawonso anali atachita mantha. Anatenga sizasi n'kuiika pamiyendo pa mayi awo.

"Dulani, amayi. Ikani patani ya chitsanzo pamwamba, dulani zotsalazo, sokani. Masiku anayi mwamaliza."

"Ndikadula, Esnati avala chiyani?"

"Avala zimene amavala nthawi zonse. Kodi Esnati ndi amene akakuwombolereni makina?"

"Chotsa sizasiyo pamiyendo panga usanaione ikuuluka."

Anatuma munthu kokagula malezala. Njira imene anasankha inali yaitali: kumasula msoko uliwonse, ulusi umodziumodzi, osavulaza nsalu, kenako kusokanso potsata miyezo ya papepala, nsalu yonse ya m'chiuno n'kuipindira mkati. Miyendo, poti sanaidule poyamba paja, anangoitsitsa. Thumba analibwezera pachifuwa. Mayina sanawachotse. Anasokerapo pamwamba kansalu kolembedwa saizi.

Okha sakanatha. Amayi anga anasiya geni yawo ya tomato masiku atatu. Mayi amakala aja anabwera osaitanidwa, atasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kukhala pansi ndi lezala. Mayi Semba anawayang'ana kumaso, kuyang'ana manjawo, n'kuwaponyera ovololo. Ine sanandilole kugwira lezala. Anati manja a ana a sukulu amangodziwa kung'amba makope. Azimayiwo ankamasula, iwo ankapalasa makina kuyambira kutacha mpaka kuwala kutatha pakhonde. Misa ya m'mawa anaisiya sabata yonseyo, zimene sizinachitikepo n'kale lonse. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri mapazi anali atatupa moti mapatapata sankalowa, ndipo ankapalasa atakulunga mawondo ndi nsalu yonyowa. Sankaimba, sankakalipa. Kusakalipako ndiko kunkatiopsa.

Tsiku lakhumi anapitanso ndi amayi. Bambo wa imvi uja anayeza onse, imodziimodzi, osadumpha. Miyezo inagwirizana. Kenako anatsina msoko wa m'mbali ndi zala ziwiri.

"Msoko wanu ndi wonenepa, mayi."

"Pepala lanenapo za kunenepa kwa msoko?"

Bamboyo anatenga pepala, kuvala magalasi, n'kuwerenga masamba onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, anthu akudikira. Atamaliza anati silinanene. Anasaina, anzake anasaina, n'kudinda. Amayi akuti Mayi Semba sanamwetulire. Anangopempha madzi akumwa, ndipo atatuluka anakhala pa sitepe ya panja nthawi yaitali asanathe kuyenda kupita pokwerera minibasi.

Patapita milungu ingapo maovololo anagawidwa, potsata saizi, monga mwa dongosolo. Loweruka lotsatira Mayi Esnati anabwera ndi yawo m'jumbo, nkhope itagwa, kudzafunsa kuti kuyeza konse kuja kunali kwa chiyani. Mayi Semba anaitembenuza, kudula ulusi wa kansalu ka saizi, n'kuwerenga dzina limene linali pansi pake.

"Iyi si yako. Watenga chiuno cha Filomena. Kamuuze abwere ndi imene ali nayo."

Umu ndi mmene masiku a Loweruka aja anayambira. Azimayi ankabwera, kansalu kankachotsedwa, dzina linkawerengedwa, ndipo ankasinthana pomwepo akuseka. Ndikukumbukira wina akuuza mnzake kuti, "N'chifukwa chake ndakhala ndikubanika sabata yonse, kani ndinavala iwe." Mwini wake akapezeka, msoko unkamasulidwa, nsalu yobisika inkatuluka, thumba linkatsikanso. Sankawasokera ulere. Aliyense ankabwera ndi ulusi wake ndi sopo mmodzi, ndipo chaulere chimene ankalandira chinali kukalipiridwa chifukwa cha kachapidwe kake. Zinatenga miyezi, pakuti miyendo ya Mayi Semba sinabwererenso mwakale, ndipo ankatha maovololo awiri kapena atatu okha patsiku. Koma kupatula ochepa a azibambo amene sanafunike kusintha, maovololo onse anadutsa pansi pa singano ija kachitatu.

Malipiro anabwera patapita miyezi. Anapita kukawombola makina amagetsi aja, koma wogulayo anali atatopa kudikira n'kuwagulitsa kwa munthu wa ku Mulanje. Anabwerako manja ali lendelende, ndipo a Lusiyano sanafunse. Kupikisana sanayesenso. Pepala la msonkho linatha mphamvu, ndipo mawondo sakanalolanso mizere ija. Chimene anachita n'kupita kwa mlembi wa kuparishi kuti awalembere kalata ya Chingerezi yopita kukomiti, yonena kuti osesa ambiri ndi azimayi ndipo pepala lotsatira likhale ndi miyezo yawo. Anaikamo ndi kope lawo la miyezo lomwe, lonse. Yankho lolembedwa silinabwere iwo ali moyo. Mayi Esnati akuti miyezi ingapo yapitayo bambo wa imvi uja anafika kumsika kope lili m'manja, akufunsa azimayi kuti ovololo imawavuta pati. Amayi anga akuti kufunsa si kusintha. Ine ndikukhulupirira kuti munthu sangachoke muofesi mpaka kumsika kukafunsa chinthu chimene sakufuna kuchitapo kanthu. Mwina pepala limangochedwa.

Mayi Semba anadwala masabata awiri okha. Zinayambira m'miyendo momwemo, kenako kuchipatala anati ndi mtima. Chomaliza kusoka chinali kadiresi ka ubatizo ka mdzukulu wa mayi amakala. Atamaliza anadula ulusi ndi mano, n'kuitana amayi anga kuti awathandize kulowetsa makina m'nyumba. Amayi anabwerako akupukuta m'maso, ndipo tsiku limenelo sindinamvetse chifukwa chake. Pa tsiku la maliro amayi osesa anafika m'mamawa ndi matsache awo, n'kusesa njira yonse kuchokera kumsewu waukulu mpaka pakhomo, osauzidwa ndi munthu. Pa onse amene anabwera, iwo okha ndiwo sanapemphe mpata woyankhula.

Lero masana kunabwera mayi wachitsikana amene sitikumudziwa. Anati wangoyamba kumene ntchito yosesa cha ku Chilomoni, ndipo mwezi uno alandira maovololo atsopano ochokera kwa wogulitsa wina. Mnzake anamuuza kalekale kuti ovololo ikadzamuthina adzapite ku Bangwe kwa agogo a pakhonde. Anakwera maminibasi awiri kuti afike. Amayi anamuuza kuti agogowo anamwalira. Mayiyo anati pepani, n'kukhala pa sitepe jumbo ili pamiyendo. Amayi, poti anaphunzira kugwira lezala masiku aja, anati abweretse aone ngati angachitepo kanthu. Anaitembenuza, kutsina msoko wa m'mbali, n'kutsata ndi chala mpaka kumwendo. Unali wosalala, wodulidwa bwinobwino mpaka pa ulusi penipeni.

"Mulibemo nsalu, achemwali."

Mayiyo anaipinda n'kuibwezera m'jumbo. Anamwa madzi, kenako anafunsa pamene angakwerere ya ku Limbe.

Atapita ndinatenga tsache kuti ndisese pakhonde. A Lusiyano anatsekera makina akuda aja kuchipinda, sanaganize chochita nawo. Pamene ankaima pali timaenje tinayi m'simenti, ndipo pakati pake pali banga la oilo limene sopo walephera. Pakhoma pali msomali wopanda kanthu, ndi malo osalala pamene msana wawo unkatsamira. M'ming'alu ya simenti mukadali tiulusi tobiriwira tambirimbiri, tofupika ngati chikhadabo. Ndasesa kawiri koma sitikuchoka. Dzuwa la madzulo lafika mpaka pachitseko, chifukwa palibenso cholitchinga.